Mawu Amene Chikwama Chinamva

A Sipanala, makaniko wa njinga zamoto, ankatha kumva injini ikulira kuseri kwa nyumba n'kukuuza kuti pulagi yatha. Koma mawu a akazi awo ankangowadutsa ngati mphepo. Sabata yapitayo mayiwo atatulutsidwa m'chipatala, anadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amuna awo ali chiweramire pa njinga ya kasitomala, ataiwaliratu zokawatenga. Mayi sanakalipe ayi. Analongedza zovala m'chikwama chachikulu n'kunena kuti, "Mukandisiye kwa achemwali, kuseri kwa phiri." Tsiku lobwerera sanalitchule. A Sipanala anadziwa kuti akangowatsitsa pakhomo paja, banja la zaka makumi atatu latha.

Zaka zonsezi mayi ankakwera njinga ya amuna awo atawagwira m'chiuno, ndipo akakhazikika ankawagogoda kawiri paphewa, kutanthauza kuti tiyeni. Tsikuli zinali zina. Anaika chikwama pakati, n'kuchimanga ndi mphira, iwo n'kugwira chitsulo cha kumbuyo. Chimene a Sipanala ankachimva kumsana chinali chikwama basi. Magalasi oonera kumbuyo nawo panalibe, anawachotsa kalekale n'kumangira kasitomala wina amene anali pachangu. Mukudziwa inu, njinga ya makaniko ndiyo imakhala yomvetsa chisoni m'tauni yonse.

Msewu wa m'phirimo ndi uja anthu amachokera kutali kudzangoujambula. Umakwera mokhotakhota, uku khoma la thanthwe lodontha madzi, uku phompho loti ukasuzumira pansi pake sipaoneka. Mathithi anali kuyera cha uko, mitengo ya paini ikununkhira. A Sipanala sanaone kalikonse. Ankasakasaka mawu oti anene, koma akawapeza, kona imafika, mawuwo n'kubalalika.

Pamwamba penipeni pali malo opumirapo, pali benchi ya simenti. Anaima kuti injini izizire. Mayi anatsika n'kukayang'ana kuchigwa, kumene mitambo inali pansi pa mapazi awo. Apa ndiye panali poyenera kulankhula, koma bambo aja ananjuta pambali pa njinga n'kumamvetsera injini ikuthetheka. Kenaka chifunga chinakwera, phiri lonse n'kuyera mbuu. A Sipanala anavala helemeti, anakwera, analiza injini. Anamva njinga ikutsika pang'ono kumbuyo, chikwama n'kuwatsamira. "Akwera," anatero mumtima. Kugogoda kwa paphewa sanakudikire, poti ndani amagogoda munthu amene wakwiya naye? Anaponya giya.

Potsetsereka njinga inapepuka modabwitsa. A Sipanala anayamikira pulagi yatsopano imene anaika dzulo lake. Ndiye kaya ndi chifunga chija, kaya ndi phokoso la injini limene linawabisa, pakamwa panatseguka.

"Mayi," anakuwa, "ndinalakwa."

Zii.

"Tsiku lija ndinadzuka ndikukumbukira. Ndinachita kulemba padzanja ndi cholembera, koma girisi anafuta. Sindikudziikira kumbuyo ayi, ndikungonena."

Zii. Pakona chikwama chinawakankha pang'ono, iwo n'kuganiza kuti mayi asendera kuti amvetsetse. Mtima unalimba. Ananena za masiku asanu amene mayi anali m'chipatala, mmene ankaopera kulowa kuchipinda chogona n'kumagona pampando wa kugalaja. Ananena kuti anathawira ku ntchito chifukwa injini ikadwala amadziwa pogwira, koma mkazi wawo atadwala manja anangoti lende. Zinthu zoti sanauzepo munthu chibadwire! Misozi inadzaza m'helemeti, mamina osaneneka.

"Nanga simuyankha? Ngakhale kunditukwana, mayi, ndilandira."

Chete yemweyo. Apa anayamba kupsa mtima, kenaka anachita manyazi ndi kupsa mtimako, n'kupepesanso kachiwiri.

Kumunsi, pamlatho, ankakonza msewu. Bambo wina wonyamula mbendera yofiira anawaimitsa, n'kumawayang'ana modabwa.

"Madala, mukukangana ndi ndani?"

"Ndi nkhani za m'banja izi, achimwene. Ndikulankhula ndi mayiwa."

"Mayi ake ati?"

A Sipanala anacheuka. Chikwama chili phee, chomangidwa bwinobwino. Kuseri kwa chikwama, mpando wokhawokha. Anatsika n'kuzungulira njinga, mpaka anasuzumira pansi pake, ngati munthu wamkulu angabisale kuseri kwa tcheni.

"Anali pompa," anatero. "Ndakhala ndikucheza nawo."

"Amayankha?" anafunsa wa mbendera uja.

Mayo ine! Agwa? Pakona iti, poti makona ake ndi osawerengeka? Kapena adumpha dala atatopa ndi zolankhula zawo? Nanga anayamba liti kusowa, asanapepese kapena atapepesa? Anatembenuza njinga osatsanzika n'kuyamba kukweranso, maso kuphompho, akukuwa "Mayi! Mayi!" Phiri linkangowabwezera mawu awo omwe. M'chifungamo malo onse ankafanana. Anaima pa thanthwe lina poyesa ndi munthu wakhala pansi. Anaima pa malo opumira ena opanda benchi, n'kuyamba kukayika ngati benchi ija inaliko n'komwe. Anaona nsalu yofiira pachitsamba n'kuima poyesa ndi ya mayi, kenaka anazindikira kuti sakudziwa n'komwe mtundu wa chovala chimene akazi awo avala. Zimenezi zinawawawa kuposa mantha aja.

Anawapeza pamwamba pomwe paja, atakhala pabenchi ya simenti, helemeti ili pamiyendo. Juzi yawo inali yobiriwira.

"Ndimakoka mphira kuti chikwama chilimbe," anatero mayi mosakweza mawu. "Ndisanaponde n'chopondera chomwe, ndinangoona utsi."

"Ndimayesa mwakwera."

"Mwafika pati musanadziwe?"

"Pamlatho."

"Mwadziwa nokha?"

A Sipanala anayang'ana pansi. "Anandiuza ndi wa mbendera."

Mayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Benchi yachiwiri iyi, bambo. Sabata imodzi."

Pamenepo a Sipanala anali chikhalire panjinga, injini ikuguguda, dzanja likuseweretsa chogwirira cha mafuta mosadziwa.

"Komatu ndalankhula, mayi. Zonse ndanena. Kuchokera pano mpaka kumlatho."

"Mwauza ndani?"

"Chikwama."

Mayi anayang'ana maso ofiira a amuna awowo, mamina ali pandevu. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka, koma kaya kunali kuseka kaya kulira, a Sipanala sanathe kudziwa.

"Ndiye chayankha kuti chiyani?"

"Sichinayankhe."

"Chili ndi nzeru."

Mayi anaimirira n'kusasa fumbi kujuzi. A Sipanala anayang'ana msewu. Kumanzere unkatsikira kwa achemwali, kumanja unkabwerera kunyumba, ndipo mbali zonse ziwiri zinali zitamizidwa m'chifunga.

"Kwerani, ndizinenanso tikuyenda," anatero. "Koma tilowera kuti?"

"Tikuyenda ayi. Mukufuna mphepo idye theka, injini idye theka linalo, ine nditsale ndi utsi?" Mayi anatambasula dzanja n'kupotokola kiyi. Injini inazima, phiri lonse n'kuti zii. Kiyi uja anamuika m'thumba la juzi, anabwerera pabenchi, n'kusendera kuti pakhale malo a munthu wina.

"Kolowera ndikuuzani ndikamva," anatero. "Vulani chipewacho, bambo. Muyambire pomwe munayambira ndi chikwama."