Mphete Yanga ndi Tupa la Amuna Anga

Chotupa chinanditulukira pakhosi, kumeza kukuvuta. Adokotala anati ndikajambulidwe pa sikani, koma ayambe andibaya mankhwala othandiza kuti zam'kati zioneke bwino. Mtima unangoti myuu! Zaka zinayi zapitazo mankhwala ngati omwewo anandiyabwitsa thupi lonse, zidzolo mbwee. Ndinajomba kusikaniko kawiri konse, chotupa chikukula.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo kwa iwo palibe vuto lokanika tupa. Anawerenga pafoni kuti akatswiri akuyesa timibulu ta golide m'malo mwa mankhwala aja. Tsiku lina ndinawapeza kushedi atapana mphete yanga yaukwati yagolide pa vayisi, chopanira zitsulo, akuipala ndi tupa, fumbi lake akulilandira panyuzipepala.

"Mayi a ana, mukamwa kafumbi aka ndi madzi, jakisoni uja sadzafunikanso," anatero, thukuta kamukamu.

Ndinafuna kukalipa, koma ndinadzigwira. Bambowa ankaopa kunditaya.

Ndinakana kumwa tisanafunse. Mawa lake tinapita nako kapepala ka fumbi kaja kwa mayi wojambula kuchipatala. Iwo sanatiseke. Anafotokoza kuti za golidezo n'zoona koma zikadali pa kafukufuku, ndipo timibuluto timakonzedwa mwapadera, n'tating'ono moti maso sangatione. Fumbi la mphete lili ndi zitsulo zina, likhoza kungondidwalitsa. Kenako anandifunsa chimene chinkandithawitsa. Ndinaulula za zidzolo zija.

"Abale, bwenzi mutanena tsiku loyamba lomwe," anatero. "Zimenezi tili nazo njira zake."

Anandiyeza impso, adokotala anasankha mankhwala a mtundu wina ndi kundipatsa mapiritsi oletsa kuyabwa. Atandijambula anandisunga pabenchi kanthawi akundiyang'anira. Sindinakande ngakhale pamodzi.

Zotsatira zinaonetsa kuti chotupa sichinafalikire. Anachichotsa, ndipo lero ndimameza bwinobwino. Adokotala anati ndikanachedwa miyezi ina, nkhani ikanakhala ina.

Anzanga, mutu umodzi susenza denga. Ngati mankhwala anakuvutanipo, nenani kwa achipatala, musathawe. Zapafoni kafunseni kaye musanaziyese pathupi.

Amuna anga akhala akupempha kuti aiwotcherere mphete ija ibwerere mwakale. Ndimakana. Ndimaivala yopyapyala mbali imodzi choncho, ndipo akaiona amangoyang'ana pansi, kenako n'kundigwira dzanja.