Tsiku Limene Sindinawombere Chimbalangondo

Ndinafika ku Svalbard, zilumba za madzi oundana za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, nditanyamula bokosi la nsapato lodzaza mamendulo. Kwathu ku Oppdal ndinayamba kuwombera chandamale ndili mtsikana wamng'ono, ndipo pa mpikisano wa mamita mazana atatu ndi anthu ochepa amene ankandiposa. Nditauzidwa kuti ndisanayambe ntchito yoperekeza ofufuza kunja kwa tauni ndikaphunzire kaye mfuti yodzitetezera ku zimbalangondo zoyera za kumeneko, ndinaseka.

Mphunzitsi wake anali a Eilif Brattli, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito kumgodi wa malasha. Dzanja lawo lamanzere linalibe zala ziwiri. Anandipatsa mfuti yakale yolemera, n'kundiuza kuti ndiwombere kasanu. Ndinagona chafufumimba, n'kudikira kuti mtima ukhale pansi. Zipolopolo zonse zisanu zinalowa pamalo amene ukanatha kuphimba ndi kapu ya khofi.

"Eee, koma ndiye tadalitsika," anatero a Eilif. "Mayi Mendulo afika. Ndiye chimbalangondocho unapangana nacho kuti chiime mpaka upume katatu?"

"Ndalasa kapena sindinalase?"

"Walasa pepala. Dzuka. Vala magolovesi, akuluwo. Chotsa zipolopolo, mfuti uiike kumsana. Uthamange mpaka pamtengo wa magetsi uwo, ubwerere."

Ndinabwerera ndili wefuwefu, thukuta likuundana m'nsidze. Ndisanaime n'komwe anakuwa kuti, "Icho! Chikubwera!" n'kukoka chingwe. Thabwa lalikulu loyera linayamba kutsetsereka pa waya kulunjika kwa ine. Lamba wa mfuti anakodwa pachipewa cha jekete. Zipolopolo ziwiri zinagwera m'chipale chofewa. Pamene ndinkalowetsa chachitatu, thabwalo linandigunda pachifuwa, ine khu! pansi.

"Wafa, Torunn," anatero akusuzumira pawotchi. "Koma usadandaule, mamendulo tidzawatumiza kwa amayi ako."

Tsiku limenelo ndinawada kwambiri bambowo. Komabe ndinabwererako mawa lake, ndi mkuja, mpaka milungu itatu. Anandiletsa kuthira mafuta ambiri mumfuti, poti kukazizira amagwirana ngati phula. Anandiphunzitsa kulowetsa zipolopolo osayang'ana m'manja, kuwombera nditagwada, ndiponso kukuwira anthu amene ndili nawo kuti asonkhane kumbuyo kwanga. Nthawi yambiri tinkathera pa kamfuti koponya moto wowopsezera.

"Ukagwetse motowo pakati pa iwe ndi chilombo," ankatero. "Ukaugwetsa kuseri kwake, wachithamangitsira pamiyendo pako. Mfuti yaikuluyo ndi yomalizira, zonse zikakanika."

Mwezi wa Epulo ndinaperekeza Sunniva, mayi wofufuza za madzi oundana, kupita kugombe lakum'mawa. Kunja kunali mbee, mphepo yochepa. Iye anagwada n'kumaboola ayezi, ine ndinaima n'kumazungulira ndi maso. Njinga zathu zamoto zoyenda pachipale tinazisiya chapatali, pafupifupi mamita zana, chifukwa ayezi wa pamenepo sitinkamukhulupirira.

Cha m'ma leveni ndinaona mulu umodzi wa chipale ukusuntha. Unali wachikasu pang'ono kusiyana ndi inzake. Kenako unatukula mutu.

"Sunniva, siya zimenezo. Bwera kumbuyo kwanga. Usathamange."

"Dikira, ndangotsala ndi..."

"Pompano!"

Anatembenuka, n'kuchiona, ndipo ndinamva akutchula dzina la mwana wake. Chimbalangondocho chinali chachimuna, chowonda, ndipo chinali pakati pa ife ndi njinga zija. Chinkabwera mosafulumira, mphuno m'mwamba. Ndinakuwa, Sunniva akumenyetsa fosholo pachitsulo chobooleracho, koma sichinasamale n'komwe.

Sindikumbukira nthawi imene ndinachotsa mfuti kumsana. Ndinangozindikira kuti ili kale pabondo, zipolopolo zili m'malo, kamfuti ka moto kali m'dzanja lamanja. Moto woyamba unagwa pafupi kwambiri ndi ife, n'kuphulika pachabe. Chilombocho chinaima pang'ono, kenako chinayambanso kuyenda, tsopano mofulumirirapo. Mamita makumi asanu.

Apa m'pamene zaka zonse za mpikisano zinandithandiza. Ndinatulutsa mpweya theka, n'kuugwira, n'kuwerengera mphepo imene inkachokera kumanzere, monga ndinachitira kambirimbiri pamaso pa oweruza. Moto wachiwiri unakagwa mapazi ochepa chabe kutsogolo kwa mphuno yake. Phuu! Chipale chinachiwazikira kumaso. Chinadumphira cham'mbali, n'kutembenuka, n'kuthamangira kunyanja, matako akugwedezeka. Ndinachitsatira ndi mfuti yaikulu mpaka chinasanduka kadontho. Sindinawombe.

Sunniva anakhala pansi n'kuyamba kusanza. Atamaliza anapukuta pakamwa, nati, "Choboolera changa chija ndi cha boma, tisachisiye." Tinaseka mpaka misozi inaundana m'masaya.

Titapereka lipoti kutauni, ndinapita kunyumba kwa a Eilif nditagula makeke a sinamoni. Ndinawapeza akusoka chingwe cha agalu pakhonde. Nkhani inali itawapeza kale. Anandifunsa mafunso ambiri: mtunda, mphepo, kumene Sunniva anaima. Pa moto woyamba uja anapukusa mutu.

"Unafulumira."

"Ndikudziwa. Koma ndabwera kudzathokoza, a Eilif. Mukanapanda kundizunza muja, bwenzi lero mukutumiza bokosi lija ku Oppdal."

"Moto wachiwiriwo sindinakuphunzitse ine," anayankha. "Ine ndi zala zangazi ndikanaugwetsa ku Russia."

Anatenga keke imodzi, koma sanaidye. Kenako anandiuza zimene sanauzepo ophunzira awo. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu anakumana ndi chimbalangondo chachikazi pafupi ndi kanyumba ka alenje. Nthawi imeneyo analibe chowopsezera, ndipo palibe amene anawaphunzitsapo china koposa kulasa. Analasadi, kamodzi kokha, bwinobwino. Atayandikira anapeza tiana tiwiri titabisala kuseri kwa mwala.

"Tinkalira ngati makanda a anthu," anatero. "Ndinakhala nato pomwepo mpaka apolisi anabwera."

Anadzuka kukatereka khofi, ndipo ali kukhitchini anandifunsa ngati Loweruka ndili ndi zochita. Kunkabwera ophunzira khumi ndi awiri atsopano, ndipo a Eilif ankafuna wowathandiza poti mawondo awo anali atayamba kukana zogwadagwada.

Ndinawauza kuti ndibwera.