Nambala ya Pakhoma

"Puma kaye," anatero Atelala, mapini awiri ali kukamwa. "Ndati puma. Ukufuna zipiyi indidye chala?"

"Ndikupuma, amayi. Kokani basi."

Anakoka. Zipi inakwera yokha mpaka m'khosi osakodwa paliponse. Kabatani anatembenukira pagalasi lalitali lotsamira khoma kuseri kwa makina, nadzigwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Anamwetulira, koma milomo yake inali yong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe.

"Mwaona? Munkati sindingalowemo."

Kabatani anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Dzinalo anamupatsa okha tsiku lobadwa poona kuti kanali kakang'ono ndi kozungulira ngati batani la shati, ndipo linamukanirira mpaka kukwatiwa, mpaka kubereka. Diresi lobiriwiralo linali lokavala kuphwando la kuntchito kwa mwamuna wake Loweruka likudzalo.

Atelala anawerama kuti awongole mpendero, ndipo anamva chinthu chikuchita tswatswa m'kati mwa diresimo. Zaka makumi atatu akugwira nsalu, ankadziwa kalilidwe ka nsalu iliyonse. Uku sikunali kulira kwa nsalu.

"Wavala chiyani m'katimu?"

"Palibe."

"Palibe amalira chonchi?"

Anatsitsa zipi osadikira yankho. Mimba yonse inali yokulungidwa m'pulasitiki, pamwamba atamanga kansalu kolimba mpaka kulowa m'mnofu. Khungu linali litafiira, lodzaza tizilonda ta thukuta.

"N'zotulutsa mafuta," anatero Kabatani, maso ali pansi. "Thukuta lonseli ndi mafuta akusungunuka. Anandiuza amayi a pa saluni."

"Amayi a pa saluni aja amalowa pakhomo panga chammbali aja?"

"Akuti iwo thupi lawo n'lakumtundu."

Atelala akanayankha, koma m'dengu la zigamba mmene anagonekamo mdzukulu wawo munamveka kulira. Kunali kulira kopyapyala, kwa kamphaka kosiyidwa pamvula. Anamunyamula, ndipo manja awo anadziwa maso asanaone. Kadiresi kamene khandalo linavala anasoka okha lili ndi miyezi iwiri, akumati pakatha mwezi kakhala katathina. Tsopano linali ndi miyezi inayi, ndipo m'khwapa munalowa zala zawo zitatu. Anagwira thewera. Linali louma gwa.

"Wamusintha nthawi yanji?"

"Mmawa."

"Ino ndi thuu koloko. Wayamwa kangati lero?"

"Kawiri," anatero Kabatani. "Akuti ukamayamwitsa pafupipafupi umamva njala, ndiye umadya, ndiye thupi silitsika. Pakatipa ndimamupatsa madzi owiritsa."

Atelala anakhuthulira chikwama cha mwana wawo patebulo lodulirapo nsalu. Munatuluka fulasiki yonunkha mandimu, theka la nkhaka, ndi paketi ya tiyi yojambulidwa mkazi wa chiuno ngati cha mavu.

"Iwe wadya chiyani lero?"

"Madzi a mandimu otentha. Amatsuka mafuta."

"Ndafunsa zakudya."

"Amayi, simukumvetsa. Mpunga ndi umene umapanga mimba. Dzira limanenepetsa. Madzi ozizira amaumitsa mafuta m'kati. Kwatsala masiku anayi okha, Loweruka likangodutsa ndiyamba kudya."

"Vula zimenezo. Khadi la kusikelo lili kuti?"

Linali m'kathumba ka m'mbali, lopindidwa kanayi. Mwezi wathawo Kabatani sanapite kusikelo, poopa kuti anamwino akamukalipira. Atelala anatseka makina, nabereka mdzukulu wawo okha, natseka chitseko ndi loko. Kasitomala amene ankabwera kudzatenga yunifolomu anamuuza ali chiyendere kuti abwere tsiku lina.

Kuchipatala namwino wachikulire anaika mwanayo pasikelo, nayang'ana singano, nayang'ananso khadi. Anadontheza kadontho ka inki pansi penipeni pa mzere, kutali ndi timadontho tinzake. Sanakalipe. Anatsina khungu la padzanja la Kabatani, ndipo linakhala choimirira kanthawi lisanabwerere. Kenako ananunkhiza paketi ya tiyi ija.

"Kuchimbudzi mumapita kangati mukamwa izi?"

"Kasanu. Nthawi zina kasanu ndi kamodzi. Akuti ndiye kuti zikugwira ntchito."

"Awa ndi mankhwala otsegula m'mimba, mayi. Chimene mukutaya kumeneko ndi madzi, madzi omwewo amene akanakhala mkaka wa uyu. Za pulasitikizo n'chimodzimodzi, thukuta ndi madzi, mukamwa kapu imodzi abwerera. Mandimu amatsuka mafuta m'mbale. Inu si mbale." Anatseka khadi lija. "Thupi la munthu wobereka limatsika pang'onopang'ono, uku akudya, uku akuyenda. Mukanabwera tikanathandizana. Lero mugona konkuno nonse awiri."

Mkamwini anafika madzulo dzuwa lisanalowe, atavala za kuntchito, jumbo ya malalanje ili m'manja. Sanali munthu woipa. Sankamwa, sankamenya, ndipo atamuona mwana wake ali ndi kachubu padzanja, anakhala pamphepete pa bedi.

"Koma zatheka bwanji? Ine ndikafika kunyumba amandiuza kuti wadya kale."

"Miyezi iwiri munthu wadya kale tsiku lililonse, inu osadabwa?" anafunsa Atelala. "Mbale yake munkaiona?"

"Ndimaona ngati zikumuyendera. Amaoneka wosangalala. Nanga wamuuza ndani kuti wanenepa?"

Atelala anakumbukira bwino tsikulo. Mkamwiniyo ndiye anaperekeza mkazi wake kudzayezetsa diresi, naima pakhomo akusewera ndi makiyi. Iwo, monga ankachitira ndi kasitomala aliyense, anazunguliza tepi, natchula muyeso mokweza kuti asaiwale, kenako naulemba ndi choko pakhoma. Buku analibe, khomalo ndilo linali buku lawo. "Chiuno, fote-wani." Mkamwini anaseka nati, "Fote-wani? Ine ndinakwatira sate-folo. Enawa ndiwabweza kuti?"

Atelala anamukumbutsa mawu amenewo, limodzilimodzi.

"Ine ndinanena zimenezo?" Anakanda kumutu, ndipo zinaonekeratu kuti akuyesetsa kukumbukira moona mtima. "Mwina ndimangocheza, amayi. Sindikukumbuka n'komwe."

Kabatani anatembenukira kukhoma, nakokera bulangete mpaka kumakutu.

Atelala anamutengera mkamwini wawo kukhonde. Sanakweze mawu, koma anamuuza zonse zimene zinali kukhosi, za amuna amene amataya mawu ngati makoko a nthochi osayang'ana amene akubwera m'mbuyo, za mimba ya miyezi isanu ndi inayi imene iye sanaisenze ngakhale tsiku limodzi. Iye anangoti zyoli, akuvomera chilichonse. Atatha anamutuma kukagula phala ndi mazira owiritsa, nabwerera m'chipinda mtima utatsikako pang'ono.

"Ndamuuza," anatero akukhala pampando. "Sadzayambiranso."

"Musamukalipire yekha."

Mawuwo anachokera pansi pa bulangete. Atelala anaganiza kuti sanamve bwino.

"Iye ananena kamodzi, n'kuiwala," anapitiriza Kabatani, nkhope ikadali kukhoma. "Inu munalemba. Fote-wani, pansi penipeni pa sate-folo wa diresi langa laukwati, amene simunafufute mpaka lero. Ndikabwera kudzakuonani ndinkakhala pabenchi, nambala ziwirizo zikundiyang'ana. Amayi a pa saluni anaziwerenga pomwepo, n'chifukwa chake anandiitana."

"Pakhomapo ndimalemba aliyense."

"Ine si aliyense. Nditati musoke pa sate-folo, munati chiyani?"

Atelala anakumbukiranso. Tsikulo anali ndi mayunifolomu khumi oyembekezera, msana ukuwawa, ndipo analibe nthawi yonyengerera munthu. Anati, "Chabwino, ndisoka pa sate-folo, ukadzionere wekha. Ine nditabereka iwe, mwezi umodzi wokha ndinali nditabwerera m'masiketi anga."

"Ndinkati ngati amayi anatha mwezi umodzi, ine ndalakwa pati?" anatero Kabatani. "Miyezi iwiri, itatu, thupi lili pomwepo. Ndinkadziona ngati waulesi."

Atelala anayang'ana manja awo, chala cha mkomba phala chokhala ndi chikanga cha sizasi.

"Sindinabwereremo," anatero. "Ndinamasula misoko. Masiketi onse, imodziimodzi, bambo ako ali kuntchito. Ina ndinaikamo nsalu m'mbali. Palibe anadziwa, ndine telala."

Kabatani anatembenuka pang'onopang'ono. Sanalire. Anangowayang'ana ndi maso olowa m'kati aja.

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

Yankho linalipo, koma linali lochititsa manyazi. Bodzalo analinena kwa anthu zaka zambiri mpaka linasanduka ngati zoona, ndipo tsikulo linangotuluka lokha chifukwa chotopa. Asanatsegule pakamwa, namwino analowa ndi kakapu ka mkaka.

"Tiyeni tiyambe ndi bere, kapu ibwera pambuyo."

Kabatani anadzuka, namuika mwanayo pachifuwa. Khandalo linagwira, n'kukoka kawiri, katatu, kenako linalavula ndi kutembenuzira mutu kumbali. Anayesa bere linalo. Linakankha ndi kadzanja kake kaja, likulira. Namwino atangoligunditsa kapu pamlomo, linamwa mwaphuma mpaka mkaka kuyenderera m'khosi, maso ali pa namwinoyo.

"Wandiiwala," anatero Kabatani.

"Sanakuiwaleni, watopa kukoka pouma. Muzimuika pafupipafupi, inu muzidya ndi kumwa. Kwa ambiri mkaka umabwerera."

"Kwa onse?"

Namwino anapukuta khosi la mwanayo ndi kansalu. "Kwa ambiri," anabwereza.

Apo m'pamene Kabatani analira, mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Atelala anatambasula dzanja kuti amugwire pamsana. Iye sanalikane, komanso sanatsamire kwa iwo monga ankachitira ali wamng'ono.

Loweruka mmawa Atelala anatsegula shopu yawo koyamba chichokereni. Kuchipatala anasiyako mkamwini, amene anakana kupita kuphwando kuja ndipo tsopano ankawerengera mkazi wake masipuni a phala mpaka kumutopetsa. Mwana anali atakwerako pang'ono pasikelo. Bere ankaligwira kamodzikamodzi, akakhala ndi tulo.

Diresi lobiriwira linali pomwe analisiya, pampando wa makina. Analitembenuza kunja kukhala m'kati, natenga lezala kuti amasule misoko ya m'mbali. Kasitomala aliyense ankamusiyira nsalu yokwana zala ziwiri m'kati mwa msoko, chifukwa thupi la munthu silikhala pamodzi. Ankatero ngakhale kwa amwano, ngakhale kwa amene sankawadziwa dzina. Anatsegula msoko woyamba, nayang'ana. Munalibe kanthu. Tsiku lija, ndi mkwiyo wa kutopa, anadula ndendende pa sate-folo, osasiya ngakhale poluma chikhadabo.

Anakhala pansi, diresi lili pamiyendo.

Kenako anadzuka, naviika chigamba m'madzi, nayamba kupukuta khoma. Anayambira pa nambala ziwiri zija, koma sanalekere pomwepo. Anafufuta za aphunzitsi, za mkazi wa shopu ya nsapato, za amayi a pa saluni, mpaka khoma lonse linatsala lonyowa ndi lotuwa.

"Odi, Atelala," anatero mtsikana wina pakhomo, khanda lili kumsana, nsalu yatsopano ili m'manja. "Ndimafuna siketi. Koma musaseke, ndanenepa zedi chiberekereni."

"Imani apa."

Anazunguliza tepi, naitsina ndi chala, nayang'ana. Milomo inatseguka yokha mwachizolowezi, koma anaitseka. Analemba nambalayo kuseri kwa nsalu ya mwini wakeyo, naipinda.

"Ndi zingati?" anafunsa mtsikanayo.

"Zokwana siketi. Mwadya mmawa uno?"

Mtsikanayo atapita, anayala diresi lobiriwira lija patebulo. Munali nsalu yokwana timadiresi tiwiri ta mwana. Anajambula ndi choko muyeso wa khanda la miyezi isanu ndi itatu, naonjezera zala zitatu mbali iliyonse, nayamba kudula.