Mzere Watsopano pa Ndodo Yanga

Kwa zaka zinayi, mowa wa phwando la 6 July kwa Amalawi a ku Edmonton, ku Canada, ndinkafulula ndine, Flywell Kachingwe, m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Ndinkagula chimera cha balere, kuchiviika m'madzi otentha ola lathunthu, kenako kuchitsuka ndi madzi ena kuti kutsekemera konse kutsike. Luso lonse lagona pa madzi otsukirawo. Akachepa, shuga amatsalira m'gaga. Akachuluka, wafulula tiyi. Ine ndinali ndi ndodo yanga, chogwirira tsache chakale, yomwe ndinaidula mzere ndi mpeni. Ndinkaiimika m'ndowa, madzi akafika pamzere, basi.

Oswald ndinamuphunzitsa kufulula ndekha, ulere, chifukwa ankagwira unesi wodi imodzi ndi mkazi wanga Etta. Mu 2006 anatibweretsera mabotolo anayi a mowa wake. Etta, yemwe zaka zonsezi ankati mowa wanga umangonunkhitsa makatani, anamwa theka la tambula n'kutsinzina.

"Iii, koma uwu ndiye smooth," anatero.

Zinandiwawa, sindibisa. Nsanje inandigwira moti nyama ya tsiku limenelo sindinaidye. Pasanathe mwezi, a Abednego, apampando a komiti yathu, anandiimbira kuti chaka chino afulule Oswald, ine ndipumeko. Ndinawadandaulira liti kuti ndatopa?

Oswald anabwera Loweruka masana, chipewa m'manja.

"Akulu, mundibwerekeko stick ija ndi bucket yomwe. Batch yaikulu chonchi sin'napangepo, ndikuopa kuononga."

Ndinamuuza kuti adzatenge mawa. Atangotuluka ndinapala mzere wakale ndi sandipepala, n'kudula wina zala zinayi pamwamba pake. Ndinaupaka masamba a tiyi kuti uoneke wakalekale. M'ndowa yotakata ngati ija, zala zinayi ndi madzi ambiri. Ndinaimba mluzu popukuta manja.

Tsiku la phwando tinadzaza kabwalo ka kuseri kwa a Abednego, nyama ili pamoto, ana akukuwa Chingelezi chawo. Ine ndinasankha mpando woyang'anana ndi mgolo kuti ndione bwino nkhope za anthu akamalawa. Koma asanatsegule, Oswald anaomba m'manja, ndodo yanga ili kukhwapa.

"Makolo, ndisadye ulemu wa eni ake. Ine ndangokhala manja chabe. Recipe ndi ya a Flywell, measurement ndi ya a Flywell, ndodo yake ndi iyi. Madzi anandionekera ngati ochuluka, koma ndinati ndine ndani kutsutsa aphunzitsi?"

Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Kenako Oswald uja anatunga tambula yoyamba, nanjuta pang'ono, n'kundipatsa ndi manja awiri. Kwathu mwini mowa ndiye amayamba kumwa, ena onse akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa.

Ndinamwa. Anali madzi, madzi enieni ongodutsa pafupi ndi chimera. Maso oposa makumi atatu anali pa ine, ndipo Oswald ankamwetulira ndi mtima woyera umene unandinyansa kuposa mowawo.

"Uli bwino," ndinatero. "Ndi mmene ndimaufunira."

Matambula anazungulira. Phokoso linayamba kuchepa. Wina anafunsa chapansipansi ngati shopu ya pakona inali yotsegula. Etta analawa kamodzi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukathira wotsalawo pamaluwa.

A Abednego anamaliza yawo yonse, poti ndi munthu waulemu. Anapukuta pakamwa, n'kumugwira Oswald paphewa, osatsitsa ngakhale mawu.

"Mwana wanga, ulemu tauona, wachita bwino. Koma kuyambira chaka chamawa uzifulula mmene umafululira wekha muja. Akuluwa dzanja linatha."