Chotchinga cha Pamwamba

Alamu ake a mayi wamasiye anali atachimenya kale kangapo ndi nsapato chotchinga cha m'mphepete mwa nyumba, koma chitsulo sichinagwedezeke. Mayi wamasiyeyo anaima chapatali, atapinda manja pachifuwa. Apa, pansanjika yomaliza ya nyumba yoimikamo magalimoto, ndi pamene mwamuna wake anafera akuphunzitsa mwana wawo wamkazi kuimika galimoto. Phazi la mtsikanayo linaphonya buleki n'kuponda moto, galimoto n'kuwapanikizira bambo ake ku chotchinga.

Alamuwo anabwera ndi injiniya kuti awapezere cholakwika. Pakagwa zovuta mtima umafuna womuloza chala, ndipo iwo anasankha chitsulo poti chitsulo sichilira. Koma injiniyayo atayeza msinkhu wake n'kuona mabawuti, ananena motsitsa mawu kuti zonse zili mmene malamulo a zomangamanga amafunira: chotchinga chiyenera kuimitsa galimoto, osagonja n'kuisiya igwe. Chikanagonja, anatero, maliro akanakhala awiri.

"Ndiye mukuti palibe wolakwa?" anafunsa alamuwo.

Mtsikanayo anali atatsamira chipilala pafupi ndi chotchingacho, maso pansi.

Chiikireni maliro, mayiyo anali asanamuyang'anepo kumaso mwana wake. Chakudya ankangomusiyira pakhomo la chipinda ngati wodwala nthenda yopatsirana. Kumuda sankamuda ayi, koma akangomva mapazi ake m'nyumba, ankayang'ana kumbali. Mwana naye sanali wakhungu. Katundu wake anali atalongedza kale kuti mawa lake apite kwa azakhali ake, ndipo aliyense ankadziwa kuti akachoka chonchi, sadzabweranso.

Koma panali china chimene chinkamudya mayiyo. Mwamuna wake sanali munthu waphuma. Uyu ndi munthu amene ankabwerera panjira kukaona ngati watsekadi geti, anthu n'kumamuseka. Nanga wochenjera chotere akaime bwanji kutsogolo kwa galimoto ya wophunzira?

"Bambo ako anaimiranji pamenepo?" anafunsa mayiyo, maso ali pa konkire.

Mtsikanayo anafotokoza kuti poyamba bambo ake anaima pambali, pafupi ndi windo. Koma iye ataona m'mphepete muja, madenga a nyumba za eni ali pansi pake, anaimitsa galimoto. Anawauza kuti sangathe, akuopa kugwa. Iwo anamulimbitsa mtima kuti chitsulocho n'cholimba, koma iye osamva.

"Ndiye anangoseka, amayi. Anapita kukaima apo, n'kutambasula manja. Amvekere, 'Usayang'ane kunsiko. Uziyang'ana ine.'"

Mtsikanayo anatembenukira kuphompho kuja, ndipo alamu aja anavula chipewa.

Mayiyo mtima unamusweka kachiwiri. Inde, ameneyo ndiye anali mwamuna wake, wosamala pa chilichonse koma wopanda nzeru mwana akalira. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera yonse nthawi imodzi, ndipo sanaipukute.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamalo pamene konkire anali woyera kuposa pena ponse, poti anachita kupakwecha. Anaima pomwepo, msana ku chotchinga, pakati pa mwana wake ndi phompholo. Anamugwira masaya onse awiri n'kumudzutsa nkhope.

"Yang'ana ine, mwanawe," anatero.