Chammwamba cha a Sitima

"Nkhwangwayo ndakubwerekani, koma mitengo yanga musakhudze," anatero a Belita akuyanika masamba a chammwamba pamphasa.

Panali patatha masiku anayi chiikireni amuna awo, a Sitima, m'manda. A Goliati, mng'ono wa malemu, anabwera kwa Nkhulambe kudzatenga katundu wa m'bale wawo.

"Alamu, malo ndi anu, sindikukana. Achimwene anali mkamwini pano. Koma mitengoyi anadzala ndi manja awo. Ndikufuna mapolo a khola."

"Mapolo a chammwamba? Mbuzi ikangotsokomola, khola lagwa!"

Amayi amene anatsalira pamaliro anaseka chogwira nthiti.

Madzi a pamjigo wa m'mudzimo ankadetsa mano a ana. Alangizi azaumoyo anati muli mchere wochuluka wotchedwa fuloraidi, amene angasokonezenso chithokomiro. A Sitima atamva kuti ofufuza akuyesa masamba ena ngati angateteze thupi, sanadikire yankho. Anadzala mitengo ya chammwamba makumi atatu, ufa wa masamba ake n'kumathira m'phala, m'ndiwo, ngakhale m'thobwa la paukwati wa eni.

A Goliati anaima pamtengo woyamba.

"Umenewo ndi wa Happiness wanga," anatero a Mervis, oyandikana nawo nyumba, akuloza kachitini komangidwa ndi waya panthambi. Panali dzina lolembedwa ndi msomali.

A Goliati anasunthira pa wina. Ismaili. Wina, Praise. Wina, Sumayya.

"Kodi achimwenewa ankalemba kaundula wa sukulu?"

"Mwana aliyense womwa pamjigopo ali ndi wake," anayankha a Belita. "Mukadula, mukawafotokozere nokha."

Kuseri kwa bafa kunali mtengo wautali kuposa yonse. A Goliati analavulira m'manja.

"Uwu ndiye ulibe mwini."

Anatembenuza kachitini kadzimbiri kamene kanali panthambi, napezapo dzina lawo lomwe.

"Umenewo ndiwo unayamba," anatero a Belita. "Ankati, mng'ono wanga sadya zamasamba, ndi wamakani, koma tsiku lina adzabwera yekha."

"Anati wamakani?"

"Ananena zambiri. Ndachotsako."

A Goliati anaseka mpaka misozi kutsika m'masaya, ndipo sanaipukute. Anatsamiritsa nkhwangwa kuchipupa.

"Nanga amathira masipuni angati?"

"Iwo ankathira mpaka wina adandaule."

A Goliati anavula chipewa, nachitembenuza, nayamba kupululiramo masamba.