Mankhwala Analipo

Njinga yamoto ya Honda inazima isanafike pakhonde, ndipo a Febian Chanda anachita kuikankha, matope ali mpaka m'mawondo.

"Mwakumbuka kuti kuno kuli anthu?" anatelo Sisita Ennie Lungu ataima pakhomo la kachipatala ka ku Ndake. "Ife timayesa munabwelela kwanu kukadya anyani."

"Anyani ali ndi mnofu, osati timbewa tanuti," anayankha a Chanda akumasula chikwama.

Ennie anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

A Chanda ndiwo ankasunga kalaibulale ka anthu a zachipatala ku Nyimba. Ankasonkhanitsa zatsopano zimene ofufuza apeza, kuzifupikitsa pamapepala, n'kumazigawa m'zipatala za kumidzi. Ena ankalandila pafoni, koma kwa Ennie netiweki inali yamwayi. Chiyambile mvula mtsinje unadula msewu, ndipo kunalibe pepala linawoloka. Ngakhale maphunzilo a anamwino amene anachitika ku Petauke, Ennie sanapiteko. Mnzake anasamutsidwa, ndipo iye akachoka chipatala chimatsekedwa.

Ennie analandila mapepala kwa a Chanda, nakhala pabenchi n'kuyamba kuwatembenuza. Loyamba linali la malungo, lina la ana otupikana. Atafika pa lonena za amai otaya magazi akangobeleka, dzanja lake linaima. Pepalalo linatchula jakisoni wothandiza kuti magazi aleke, ngati apelekedwa msanga, maola atatu asanathe. Dzina la mankhwalawo analiwelenga kawili.

"A Sisita, kwagwanji?"

Ennie anaimilila. Analowa m'chipinda cha mankhwala, nagwada, nakoka katoni imene inali pansi pa kabati. Inali yomata ngati mmene inabwelela. Anaiika pabenchi pakati pa iye ndi a Chanda.

"Welengani dzina ili," anatelo. "Ndi omwewa?"

A Chanda anayang'ana katoni, nayang'ana pepala. "Ndi omwewa."

"Anabwela pamodzi ndi mankhwala ena mvula isanayambe. Ndinkayesa ndi a anthu ovulala pangozi za pamsewu, oti apeleke ndi adokotala. Ndinati asokela, ndidzawabweza."

Kenako anawafotokozela za Misozi, mkazi wa a Lazarous Mumba. Sabata yathayo a Lazarous anabwela naye pangolo m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anabeleka mwana wamkazi wolila bwino. Misozi anaseka, nafunsa ngati mwanayo watenga mphuno ya atate ake. Pambuyo pake magazi anayamba. Ennie anachita zonse zimene anaphunzila kusukulu: anabaya jakisoni wolimbitsa chibelekelo, anasisita mimba mpaka manja kuuma, anaika dilipi. Ambulansi inafika tsidya la mtsinje n'kuima, madzi ali thothotho. Misozi anatsilizika masana, atagwila yunifolomu ya Ennie.

"Anafela apo," anatelo Ennie akuloza chipinda chochilila. "Katoni ili apa. Khoma limodzi chabe."

A Chanda anavula chipewa. "Pepala lomweli likunena kuti sapulumutsa onse, a Sisita. Amachepetsa imfa, si kuti amaithetsa. Mwina ngakhale mukanabaya..."

"Mwina. Nanga mwinayo ndigona naye bwanji?"

"Pepalali ndinalikonza mu Novembala," anatelo a Chanda motsitsa mawu. "Ndinkati msewu ukauma ndidzapeleka."

"Madzi akatayika saoleka, a Chanda. Sindikuimbani mlandu."

Panja panamveka kutsokomola kwa munthu wodikila kuti amuone. Anali a Lazarous, atafukata khanda m'chitenje, kuphewa atapachika kathumba. Ennie anaimilila msanga, nayesa kuphimba katoni ija ndi mapepala.

"Ndabwela naye kusikelo, amai," anatelo bamboyo. "Mlongo wanga ndiye akumuyamwitsa, koma lelo wapita kumunda." Anatsitsa kathumba kaja. Munali chimanga chachiwisi. "Ndi choyamba kucha. Mai wake wa uyu ndiye anabzala. Ndinati Sisita alaweko, pakuti munavutika nafe tsiku lija."

Ennie analandila mwanayo, namuika pasikelo. Manambala sankaoneka bwino. Anapukuta m'maso ndi kuseli kwa dzanja, nayang'ananso.

"Wakwela," anatelo. "Akuyamwa bwino."

"Ambuye alemekezeke."

"Bambo Mumba," anatelo Ennie, "tsiku lija sindinadziwe zonse zimene ndikanachita."

A Lazarous anapukusa mutu. "Wodziwa zonse ndi Mulungu, amai. Ine ndinaona ndi maso anga. Munathamanga mpaka nsapato kuvuka. Musadzivute."

Anafukatanso mwana wawo, natsazika, natsika kanjila ka kumudzi akumutchinga dzuwa ndi chikhatho.

A Chanda anayamba kumanga chikwama, akunena kuti afuna awoloke mtsinje mvula isanagwe, akafike ku Nyimba kukali kowala.

"M'chikwamamo mwatsala mapepala a ndani?" anafunsa Ennie.

"A zipatala za cha ku Kacholola. Ndidzapeleka Lolemba, mafuta akapezeka."

"Namwino mnzanga Doris alinso yekha kumeneko, ndipo katoni ngati iyi ayenela kuti ali nayo." Ennie analowa kuseli, natuluka ndi chigubu cha petulo wa jeneleta. "Thilani. Ine ndili ndi nyali ya sola. Mukafika musakangomusiyila mapepala n'kuthawa. Mukakhale naye pansi, mukatsegule kabati pamodzi."

A Chanda anathila petuloyo. Honda inakana kawili, kenako inalila, ndipo analowela njila ya ku Kacholola.

Pakhonde panali patafika kale mai wina wapakati, atakhala chotambalala, akudzipepesa ndi khadi lake. Ennie anamupempha kuti adikile pang'ono. Anang'amba katoni ija ndi sizasi, natenga timabotolo n'kukatiika pathebulo la m'chipinda chochilila. Ndipo anakhala pamphepete pa bedi limene Misozi anagonapo, nayambanso kuwelenga pepalalo kuchokela pamzele woyamba.